Namwino Akaitana Usiku, Adzabwera Ndani?

Nthawi ikapitirira 10 koloko usiku, pa kiliniki ya kumudzi pamatsala nyali imodzi yokha yoyaka, ya m'cipinda ca amai oyembekezera. Odwala a masana anabwerera kwao dzuwa lisanalowe. Wosesa anaweruka kale. Mlonda, ngati alipo, wakhala pakhonde ndi cibonga cake, ndipo pa makiliniki ena mlondayo palibe n'komwe. Munthu akagogoda pa citseko nthawi yotereyi, namwino alibe ufulu wokana kutsegula, pakuti wogogodayo angakhale bambo amene wabweretsa mkazi wake pa ngolo ya ng'ombe, matenda atamuyamba m'njira. Angakhalenso munthu wocokera ku mowa, bala liri pamutu, ukali uli mumtima. Angakhale wakuba amene wamva kuti mankhwala ndi mabatire a sola afika. Namwino amadziwa mtundu wa mlendo wake citseko citatseguka kale.

Umu ndi mmene anthu ambiri ogwira nchito m'maboma a Petauke ndi Nyimba akhalira. Alipo namwino wa pa kiliniki, mphunzitsi wa pa sukulu ya kutali, mtsikana wosunga ndalama za pa foni m'kanyumba ka m'mbali mwa mseu wa Great East, ndi mlangizi wa zaulimi woyenda yekha pa njinga yamoto. Onsewa nchito yao iwalamula kulandira munthu aliyense, wodziwika ndi wosadziwika yemwe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti mwa anthu 100 ogwira nchito za cipatala, a pakati pa 8 ndi 38 amamenyedwa pa nthawi ina ya nchito yao, ndi kuti ambiri owamenyawo ndi odwala ndi acibale odzaona odwala. Otukwanidwa ndi oopsezedwa ndiwo oposa pamenepo, ndipo ambiri a iwo amangomeza mate nabwerera pa nchito mmawa.

BATANI LA MFUU

M'maiko akunja, ndiponso m'maofesi ena akuluakulu a m'mizinda, kwafala cipangizo cimene m'Cinyanja cingachedwe batani la mfuu. Kale batani lotere linali la m'mabanki. Linkabisika pansi pa tebulo la wolandira ndalama, ndipo waya wake unkafika ku polisi kapena ku kampani ya alonda. Acifwamba akalowa, wolandira ndalama ankalikankha ndi bondo kapena ndi phazi, manja ali m'mwamba.

Lero batanilo lalowa m'kompyuta. Ndi pulogalamu imene amaiika m'makompyuta onse a pa malo a nchito, ndipo imakhala cete, wogwira nchito nacita zake monga mwa masiku onse. Zinthu zikaipa, iye amasindikiza mabatani awiri kapena atatu amene anagwirizana kale, kapena kacizindikiro kamene kali pangodya ya galasi la kompyuta. Pa tebulo pakepo sipamveka kanthu, ndiponso sipaoneka kanthu. Koma nthawi yomweyo pa makompyuta a anzake m'zipinda zina pamatuluka uthenga wonena dzina la woitana ndi cipinda cimene ali, ndipo uthenga womwewo ungapite ku mafoni a mlonda, a mkulu wa pa nchito ndi a apolisi. Mapulogalamu ena amaonetsa woitanayo kuti uje wauona uthenga ndipo alikudza. Amasunganso nthawi imene batani linasindikizidwa ndi nthawi imene cithandizo cinafika, ndipo mbiri imeneyi imathandiza pofufuza mlandu.

Cimene cisiyanitsa batanili ndi kukuwa ndico kusamveka kwake. Munthu amene wakwiya cifukwa mwana wake wacedwa kuonedwa, ataima pakati pa namwino ndi citseko, akaona namwinoyo atenga foni kuti aitane apolisi, ukali wake umakula. Wakuba akamva mfuu angathawe, komanso angabaye. Batani losamveka limapatsa wogwira nchito mpata wolankhula mofatsa ndi munthu woopsayo, podziwa kuti anzake ali m'njira. Kawirikawiri sipafunika ndeu. Munthu waciwiri akangolowa m'cipinda nafunsa ngati zonse ziri bwino, mkwiyo umatsika.

Ku America zipangizo zotere zinafika mpaka m'malamulo. Mzinda wa Chicago unalamula mu 2017 kuti amai okonza zipinda m'mahotela, amene amagwira nchito ali okha m'cipinda ca mlendo, apatsidwe kabatani koyenda nako. Cigawo ca New Jersey cinakhazikitsa lamulo mu 2019 lakuti masukulu a boma akhale ndi batani losamveka lofika ku polisi. Lamulolo linachedwa dzina la Alyssa Alhadeff, mtsikana wa zaka 14 amene anali mmodzi mwa anthu 17 ophedwa ndi mfuti pa sukulu ya ku Parkland, m'cigawo ca Florida, mu Febuluwale 2018. Mu Sepitembala 2024 mnyamata wina anaombera anthu pa sukulu ya Apalachee m'cigawo ca Georgia, napha anai. Aphunzitsi anasindikiza timabatani timene anali atangopatsidwa kumene, ndipo mnyamatayo anagwidwa patangopita mphindi zowerengeka. Ogulitsa zipangizozi amakonda kuchula nkhani imeneyi. Cimene sachula kawirikawiri ndi cakuti apolisi amene anamugwirawo anali pa sukulu pomwepo, pakuti ndiyo inali malo ao a nchito.

MTUNDA, MAGETSI NDI NETIWEKI

Apa ndipo pagona nkhani kwa anthu a kuno. Uthenga wa pa kompyuta umayenda mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, koma munthu wodzathandiza amayenda pa mseu. Petauke ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Lusaka, ndipo Nyimba, amene kale anali mbali ya boma la Petauke, ali capakati pa Petauke ndi mlatho wa Luangwa. Maboma onse awiri ndi otambalala. Polisi yaikulu iri pa boma, ndipo timapolisi ting'onoting'ono tiri patalipatali. Wocokera pa boma la Nyimba kupita ku maiko a Mfumu Luembe, Mfumu Nyalugwe kapena Mfumukazi Mwape, ca kucigwa ca Luangwa, amayenda maola ngakhale m'cilimwe. M'dzinja mitsinje ikadzala, malo ena safikika ndi galimoto kwa masiku. Namwino wa kumeneko akasindikiza batani lofika pa boma, ndiye kuti wadziwitsa anthu amene adzabwera kudzalemba lipoti la zimene zacitika kale.

Makompyuta alipo ndithu. Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwiritsa nchito dongosolo la SmartCare losungira mbiri ya odwala kwa zaka zoposa 15, ndipo m'zipatala zambiri kalaliki ndi namwino amakhala ndi kompyuta pa tebulo. Pa malo akuluakulu monga cipatala ca Kalindawalo General ku Petauke, cipatala ca boma ca Nyimba, cipatala ca mishoni ca Minga, maofesi a khonsolo ndi mabanki, batani la pa kompyuta lingagwire nchito yeniyeni, cifukwa pali zipinda zambiri, anthu ambiri ndi alonda pa geti. Namwino wa m'cipinda colandirira ovulala usiku akapanikizidwa, mnzake wa m'cipinda ca ana ali pa mtunda wa mapazi makumi awiri okha. Pa malo otere cosowa ndi njira yomudziwitsa mnzakeyo mwakacetecete, ndipo ndiyo nchito imene batanili linapangidwira.

Koma kompyuta imadya magetsi. M'caka ca 2024, cimene Mtsogoleri wa Dziko Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika mu Sepitembala magetsi ankazima kufikira maola 21 pa tsiku. Batani lodalira magetsi a ZESCO likanakhala lakufa nthawi yonse ya mdima, imene ndiyo nthawi ya akuba. Pa makiliniki a sola batire limagawidwa pakati pa firiji ya katemera ndi nyali ya m'cipinda cocirira, ndipo palibe namwino wanzeru amene angazime firiji kuti kompyuta ikhale yoyaka usiku wonse. Netiweki nayonso iri ndi malire ake. Anthu a m'midzi yambiri amadziwa culu kapena mtengo umene munthu amaimapo kuti foni igwire, ndipo culuco sicikhala m'cipinda ca namwino.

MFUU YA MAKOLO

Makolo a Ansenga ndi Acewa sanali opanda njira. Moto ukabuka, mkango ukalowa m'khola, kapena wakuba akapezeka pa nkhokwe, mai ankakuwa, ndipo mfuuyo inkalandiridwa ndi nyumba yoyandikana nipitirira mpaka kumapeto a mudzi. Ng'oma inali ndi kaliridwe kake ka maliro, ka gule ndi ka ngozi, ndipo mwana ankakula akudziwa kusiyanitsa. Pa sukulu ndi pa chalichi panapacikidwa citsulo ca gudumu la galimoto kapena khasu lakutha, ndipo cikalira nthawi yosayenera anthu ankasiya nsima m'mbale. Mphamvu ya mfuu inali mwa anthu oimva. Mwamuna amene anamva mfuu nakhala m'nyumba ankayankha mlandu pa bwalo la a nyakwawa, pakuti akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire.

Anthu a m'malire a Mozambique a zaka zoposa 45 akumbukira bwino za kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene zigawenga za RENAMO zinkaoloka malire m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke kudzalanda ng'ombe, cakudya ndi mankhwala. Othawa nkhondo a ku Mozambique anakhazikidwa ku Ukwimi kuyambira mu 1987. Nthawi imeneyo kunalibe foni ya m'manja. Makiliniki ena a kutali anali ndi wailesi ya mauthenga yolankhulira ndi cipatala ca pa boma, ndipo ena analibe. Aphunzitsi ndi anamwino ambiri anapulumuka cifukwa mudzi unkawawerengera monga ana ake, nuwadziwitsa msanga pakamveka mapazi acilendo.

Tsono mfuu iri ndi ngozi yake, ndipo dziko lino linaiona ndi maso. Kumapeto kwa 2019 kunamveka ku Chingola mbiri ya anthu opopera mpweya woipa m'nyumba usiku. Pofika mu Febuluwale 2020 mantha anali atafalikira m'zigawo zonse, ca Kum'mawa comwe. Anthu anagona panja, atanyamula nkhwangwa ndi zibonga. Munthu mmodzi akangokuwa, khamu linkathamangira mlendo aliyense wosadziwika, ndipo anthu oposa 40 anaphedwa ndi makamu otere m'dziko muno, ambiri popanda umboni uliwonse. Mauthenga a pa foni, amene anayenera kucenjeza, ndiwo anakoleza moto. Nkhani imeneyi iyenera kukumbukiridwa ndi aliyense wofuna kukonza njira yoitanira cithandizo pa kiliniki kapena pa sukulu. Mfuu yoitana mudzi wonse popanda woutsogolera ingapulumutse namwino niphetsa munthu wodwala misala amene anangosokera pakhonde. Apa batani latsopanoli liri ndi phunziro labwino: limaitana anthu osankhidwa, odziwa cocita, ndipo limanena kumene kuli vuto.

ZIMENE LAMULO LINANENA

Citetezo ca wogwira nchito si cifundo ca bwana. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2010 lamulo la umoyo ndi citetezo pa nchito, limene linaika pa mapewa a wolemba nchito udindo wosamala moyo wa anchito ake, ndi kulamula kuti pa malo a anchito 10 kapena kuposerapo pakhale komiti ya citetezo yokhala ndi oimira anchitowo. Lamulo la nchito la 2019 linafuna kuti olemba nchito akhale ndi ndondomeko yolembedwa yoletsa kuzunzana pa nchito. Caka comweco, mu Juni, bungwe la anchito pa dziko lonse la ILO linavomereza ku Geneva pangano la nambala 190 lotsutsa nkhanza ndi cipongwe pa nchito. Wovulala pa nchito ali ndi bungwe loona za cipukuta misozi la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake liri ku Ndola.

Koma woganiza za malamulowa msanga amaona fakitale, mgodi ndi makina odula zala. Kiliniki ya anthu atatu siifika pa ciwerengero ca komiti. Kanyumba ka Airtel Money, MTN kapena Zamtel, kamene ambiri amakacha buthi, kali ndi munthu mmodzi yekha, kawirikawiri mtsikana wongomaliza sukulu, wolembedwa pakamwa ndi mwini kanyumbako. Iye amasunga ndalama zambiri kuposa zimene adzalandira caka conse, m'kanyumba ka malata kamene mwana angakagwedeze ndi dzanja. Nthawi ya misika ya cimanga, nsawawa, soya ndi thonje, ndalama zimacuruka, ndipo odziwa zimenezi amacurukanso. Ngozi yake yaikulu siim'peza ali m'kanyumba masana anthu akudutsa. Imam'dikira madzulo, potseka, ndi pa njira yopita kunyumba atanyamula thumba. Zikabedwa ndalamazo, eni ake ena amayamba kufunsa za ndalama asanafunse ngati mwanayo wavulala, ndipo mcitidwe umenewu ndi wocititsa manyazi.

Aphunzitsi ndi anchito ena a boma amene kwa zaka zambiri anapatsidwa udindo wotenga ku banki ndalama za mtukula pakhomo ndi kukazigawa kwa okalamba ndi olumala m'midzi, nawonso anayenda m'njira za m'thengo ndi katundu woitana akuba. Kulipira pa foni kwacepetsako ngozi imeneyi kumene kwafika, koma kwaisamutsira kwa mtsikana wa m'buthi uja, kumene olandirawo amapita kukatapa ndalama zao tsiku limodzi.

Palinso nkhanza imene batani silingaione. Wozunza nthawi zina si mlendo wa pakhomo koma mkulu wa pa nchito kapena mnzake wa m'cipinda, amene uthenga wa batani ungafikire kwa iye yemweyo. Wovutika motere ali ndi nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, ndi nambala yaulere ya 933. Ya ana ndi 116.

WOYAMBA KUFIKA

Popeza galimoto ya apolisi iri kutali, funso loyenera kufunsidwa pa malo alionse a nchito ndi ili: kodi ndani angafike pano mphindi zisanu zisanathe? Yankho lake pa kiliniki ya kumudzi si lovuta kulipeza. Pali nyumba ya namwino mnzake kapena ya mlangizi wa zaukhondo, imene iri m'bwalo lomwelo. Pali mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoyandikana. Pali a nyakwawa, wapampando wa komiti ya zaumoyo ya m'dera, amai ndi abambo a gulu la SMAG amene amaperekeza oyembekezera usiku, ndi anyamata a gulu loteteza mudzi la CCPU limene limagwirizana ndi apolisi. Anthuwa alipo kale. Cosowa ndi cakuti akhale pansi ndi kugwirizana kuti woyamba kuitanidwa ndani, waciwiri ndani, ndipo akafika acite ciani.

Foni ya m'manja, ngakhale ya mabatani ija yochipa, ingasanduke batani la mfuu. Mafoni ambiri otere amalola munthu kusunga nambala pa batani limodzi, kotero kuti akalisindikiza kwa kanthawi foni imaimba yokha iri m'thumba la yunifomu. Mafoni ambiri atsopano a Android ali ndi njira yakuti munthu akasindikiza batani loyatsira kasanu motsatizana, foni imaitana nambala ya ngozi, ndipo ena amatumiza uthenga ndi malo amene munthuyo ali kwa anthu amene anawasankha. Njirayi iyenera kukonzedwa ndi kuyesedwa masana, mtima uli m'malo, cifukwa mafoni amasiyana. Nambala ya apolisi ndi 991, ya ambulansi 992, ya ozima moto 993, koma wogwira nchito kumudzi acita bwino kusunganso nambala ya wapolisi wa pa kapolisi ka pafupi, amene amadziwa njira yofikira pa kiliniki popanda kulongosoleredwa.

Kumene kompyuta kulibe, liu logwirizana limagwira nchito ya batani losamveka. Anchito a pa malo amodzi angasankhe dzina la mankhwala amene kulibe, kapena la faelo imene kulibe. Namwino akaimbira mnzake nati abweretse cinthu cimeneco, woopsezayo amamva nkhani ya nchito, koma mnzakeyo amadziwa kuti ayenera kubwera ndi anthu. Atsikana a m'mabuthi oyandikana pa msika wa Nyimba kapena pa mphambano ya Petauke angacite cimodzimodzi, ndiponso angatsekere nthawi imodzi ndi kuyendera limodzi. Kumene netiweki siigwira, wezulo wa mpira wopacikidwa pakhosi ndi citsulo ca gudumu copacikidwa pafupi ndi zenera zikhalabe zodalirika, malinga mudzi udziwe kaliridwe kake, ndipo a nyakwawa alamuliretu kuti wogwidwa aperekedwe kwa apolisi osamenyedwa.

Kakhazikidwe ka cipinda nakonso kali ndi mbali yake, ndipo sikafuna ngwee. M'makiliniki ambiri tebulo la namwino liri pakona, wodwala nakhala pafupi ndi citseko. Likatembenuzidwa kuti namwino ndiye akhale kufupi ndi khomo, wapeza pothawira. Lumo ndi mipeni ya cipatala zisakhale poyera pa tebulo. Nyali ya sola ya panja, younikira pakhomo, imalola namwino kuona pa zenera amene wagogoda ndi amene ali kumbuyo kwake.

Oyenda okha m'midzi, monga alangizi a zaulimi, ogula thonje ndi othandiza zaumoyo, ali ndi vuto lina, pakuti alibe tebulo kapena cipinda. Ku London, mu Julaye 1986, mtsikana wa zaka 25 dzina lake Suzy Lamplugh, wogwira nchito yogulitsa nyumba, anacoka mu ofesi masana kukaonetsa nyumba kwa munthu amene dzina lake analilemba m'buku la pa tebulo, ndipo sanapezekenso. Makolo ake anayambitsa bungwe limene kufikira lero liphunzitsa anthu ogwira nchito okha. Cimodzi mwa ziphunzitso zake n'capafupi: wocoka anene kumene apita, amene akaonana naye ndi nthawi imene adzabwera, ndipo pakhale munthu amene adzayamba kufunsa nthawiyo ikapitirira. Mlangizi wopita ca ku Kacholola kapena m'dziko la Mfumukazi Mwanjawanthu angasiye mau otere kwa mnzake wa pa ofesi ndi kwa a nyakwawa a mudzi umene apitako. Ambiri amasiya mau kwa akazi ao okha, amene alibe njinga yamoto yolondolera.

NDALAMA ZIRI PAFUPI

Zina mwa izi zifuna ndalama, koma osati zoti n'kudikira Lusaka. Thumba la citukuko ca m'dera la CDF linakwezedwa mu 2022 kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo linaonjezedwanso m'zaka zotsatira. Mbali ya ndalamazi inagula magalimoto a apolisi. Zopempha zimayambira ku makomiti a citukuko a m'mawodi, kumene anthu wamba ali ndi mau. Midzi yambiri yapempha zipinda za sukulu, madesiki, mijigo ndi nyumba zodikirira amai oyembekezera, ndipo yacita bwino. Koma pomanga kiliniki yatsopano anthu amaiwala kufunsa za mpanda, za nyali ya panja, za malipiro a mlonda ndi za nyumba yaciwiri ya anchito. Nyumba yaciwiriyo ndiyo yofunika koposa, pakuti namwino wokhala yekha pa kiliniki alibe womuitana, ngakhale atapatsidwa mabatani khumi.

Mudzi uli ndi phindu lake pa nkhaniyi. Namwino amene waopsezedwa usiku sakhalitsa. Amalemba kalata yopempha kusamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake angacedwe miyezi. M'miyezi imeneyo mai woyembekezera amakwezedwanso pa ngolo ulendo wa makilomita ambiri, ndipo mwana wa malungo amadikira kuca. Mphunzitsi wamkazi amene anagogoderedwa pa zenera amacoka, atsikana a pa sukulupo natsala opanda womuuza zakukhosi. Akuluakulu a maofesi a pa boma amene akuganiza zogula pulogalamu ya batani acita bwino kuyamba afunsa ogulitsawo ngati imagwira magetsi atazima, ngati imatumiza uthenga wamba ku foni ya mabatani intaneti itasowa, ndi ngati malipiro ake a caka ndi caka ali m'Kwacha kapena m'madola. Akayankhidwa, afunsenso anchito a usiku, amene kawirikawiri sakhalapo pa misonkhano ya masana cifukwa amakhala akugona.

Njira iriyonse imene yasankhidwa iyenera kuyesedwa. M'maofesi akunja amasindikiza batani mwadala kamodzi pa mwezi kuti aone ngati uthenga ufika ndi ngati anthu abwera, pakuti nambala zimasintha, anthu amasamuka, ndipo foni ya wapampando ingakhale yozima kwa masiku atatu posowa pochajira. Pa kiliniki ya kumudzi tsiku loyenera ndi la sikelo ya ana, pamene amai a midzi yonse yozungulira asonkhana. Namwino angalize citsulo pamaso pao kuti aliyense adziwe kaliridwe kake, kenaka naimba nambala yoyamba, wina atagwira wochi kuwerenga mphindi kufikira munthu woyamba atatulukira pa njira. Ku madera a kucigwa kuyesaku kucitike mu Okutobala, mitsinje isanadzale, ndipo kubwerezedwe mu Januwale, pamene njira ya m'cilimwe yamira ndipo wodzathandiza ayenera kuzungulira.